Tsiku Limene Kompyuta ya Akazi Anga Inagona ku Polisi

Ine, amene mumsewu mwathu amanditcha a Wailesi, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zina zapamwamba zimene amasunga ndi akazi anga, wokhala m'nyumba ya chitseko chobiriwira kuseri kwa malo otsukira magalimoto, wosoka nsapato, ndikunena izi mutu uli bwinobwino, popanda wondikakamiza. Kusukulu sindinapondeko, ndiye akulemba ndi a konsitebulo, ine changa n'kukamba. Andiuza kuti ndinene zokhazo zimene ndinaona ndi kumva. Ndavomera.

M'nyumbamo timakhala atatu: ine, akazi anga, ndi mwana wathu woyamba, wamkazi, amene anthu amamuti Namagetsi. Iyeyu ndi amene munamumanga dzulo Lachinayi. Ntchito yake ndi yokonza makompyuta, ndipo amagwirira m'chipinda chakutsogolo, chimene zenera lake limayang'ana kumsewu. Anthu amabwera ndi makompyuta m'zikwama atafa, n'kubwerera nawo amoyo. Ine ndimasokera pakhomo la chipinda chomwecho, ndiye wolowa ndi wotuluka ndimamuona.

Akazi anga anayendetsa basi ya maulendo ataliatali kuyambira utsikana wawo, osagundapo ngakhale nkhuku. Zaka zingapo zapitazo anagwidwa ndi sitiroko. Mwendo wamanzere umakoka pansi, ndipo lilime limawalemera polankhula. Kuyendetsa anawaletsa. Anakhala pampando chaka chathunthu akuyang'ana khoma. Ndiye Namagetsi anawalumikizira kompyuta yamasewera, n'kuwapezera chiwongolero chomangirira patebulo ndi mapedulo opondera pansi. Kuyambira pamenepo amathamangitsa magalimoto a pasikirini, kupikisana pa intaneti ndi anthu akutali, ena a msinkhu wa zidzukulu zawo. Akakhala pampandopo amakuwa. "Choka iwe! Anakuphunzitsa kuyendetsa ndani?" Mawu amafika mpaka kumsewu.

Mwezi wathawu kompyutayo inayamba matenda awiri. Oyamba, galimoto ikafika pakona inkaima kaye ngati ikuganiza za kwawo, kenako n'kudumpha, anzawo atadutsa kale. Achiwiri, kutentha. Fani ya m'katimo inkalira ngati ndege ikunyamuka, ndipo ukaika dzanja pamwamba umalichotsa msanga. Loweruka lapitali akazi anga anali patsogolo pa mpikisano, mzere womaliza ukuoneka uko, kompyuta n'kuzima yokha. Tsiku limenelo sanakuwe. Anachotsa manja pachiwongolero n'kuwaika pamiyendo, n'kutembenuzira mpando kukhoma. Namagetsi anawayang'ana n'kunena kuti, "Amayi, mundipatse sabata imodzi."

Lolemba m'mawa anayamba ntchito. Anagoneka kompyuta patebulo n'kuchotsa mbali yake yagalasi. Ine anandipatsa tochi kuti ndiziunikira, popeza dzanja la wosoka silinjenjemera. Asanagwire kanthu anavula mphete, n'kukhudza chitsulo cha bokosilo. Akuti m'thupi mwa munthu mumabisala timagetsi tokhoza kupha zam'katimo. Ine anandiletsa kugwira, anandiletsanso kuyetsemula.

Anayamba ndi memole. Ndi timatabwa tiwiri topyapyala, totalika ngati chipeso, ta mano agolide mbali imodzi. Ndinamufunsa ntchito yake. Anati, "Ababa, benchi lanu losokerapo likachepa, mumatani?" Ndinati ndimangowerama pafupipafupi kutenga zida m'thumba. Anati, "Ndiye kuganiza kwa pakona kuja. Kompyuta imakhala ikuwerama. Ndikuipatsa benchi lalikulu." Anatsegula timaloko ta m'mbali n'kuzula takale tija. Tatsopano sanatiike moyandikana. Anadumphitsa mpata umodzi pakati, akuti tikatero timakoka pamodzi ngati ng'ombe ziwiri pangolo. Kalikonse anakakanikiza ndi zala mpaka kanalira kuti kha, uku ndi uku. Ndinamva ndi makutu angawa.

Lachiwiri anatembenukira ku za kutentha. Anamasula fani yakale. Fumbi limene linatuluka mmenemo mukanatha kudzalapo tomato. Pansi pake panali kachitsulo kang'ono ngati sitampa, kamene amati ndi ubongo wa makinawo, kali ndi mankhwala akale omatira atauma ngati dothi. Anakapukuta ndi sipiriti, uja wa fungo la kuchipatala. Fungolo linadzaza chipinda, ndiye anatsegula zenera. Lembani zimenezo, bwana, chifukwa nkhani yonse inatulukira pazenerapo. Kenako anadontheza mankhwala atsopano, kadontho kamodzi ngati njere ya nyemba, n'kukhazikapo chidutswa cha mkuwa chokhala ndi pakamwa pawiri. Zomangira zake ankazimanga mopingasa, pang'onopang'ono, monga amamangira tayala la galimoto.

Atatero anatulutsa m'katoni mapaipi oonekera m'kati, kathanki kagalasi, kapampu, ndi chitsulo chakuda cha timipata tambirimbiri, chokhala ndi mafani atatu. Akazi anga ataona chitsulocho anatembenuza mpando. Anati, "Iyo ndi rediyeta iyo. Bwanji osanena kale?" Namagetsi anati, "Ndi ya basi yanu yomweyo, amayi, yangochepa msinkhu. Madzi azikatenga moto paubongopo n'kukautaya apa." Akazi anga anati, "Umange bwino polumikiza. Mainjini anga onse ankadonthera pamenepo." Tsiku lonse anakangana awiriwo za makona a mapaipi, wina uku akuloza ndi ndodo, wina uku akudula. Ine tochi ili m'manja mpaka mapewa anauma.

Lachitatu anathira madzi. Si madzi a pampopi. Ndi oyera mbee, a m'mabotolo, ndipo anasakanizamo mankhwala oletsa ndere. Ankathira ndi fanulo yaing'ono. Kompyuta yeniyeniyo sanaiyatse. Anayatsa pampu yokha, n'kuyala timapepala tofewa pansi pa malo onse olumikiza, akuti iziyenda choncho mpaka mawa lake, ndipo pepala likanyowa ngakhale pang'ono ntchito iyambirenso. Sikirini anaichotsa patebulo n'kuiika pakabati kuti isathiridwe madzi. Ndiye munthu wodutsa pazenera ankaona izi: mapaipi, mkuwa, kathanki kakuchita thovu kuti bwibwibwi, fanulo, mabotolo a madzi oyera, ndi botolo la sipiriti lili pambali.

Tsopano ndinene za odandaula. Ndi bambo wa nyumba yoyang'anizana ndi yathu, mlonda wa kumalo osungira katundu. Anasamukira mumsewu mwathu posachedwapa. Timawati a Ndinasiya, chifukwa ukawapatsa moni amayankha kuti ali bwino, n'kuwonjezera kuti mowa anasiya. Anandiuza okha, tsiku limene anabweretsa jombo yothyoka chidendene, kuti kale ankatcheza mowa wamphamvu, ndipo mng'ono wawo anafa ndi mowa wotcheza molakwika. Za matenda a akazi anga sanandifunsepo, inenso tsiku limenelo ndinali pa nkhani ina.

Lachitatu lomwelo masana a Ndinasiya anaima pazenera lathu. Anasuzumira. Ananunkhiza kawiri. Ndinati, "Lowani, achimwene, muone zimene mwana wanga wapanga." Anati, "Ndaona kale ndi maso anga." Ndinayamba kuwafotokozera za benchi ndi ng'ombe ziwiri zija, koma anali atawoloka kale msewu.

Dzulo Lachinayi, dzuwa litakwera, inafika galimoto yanu. Munatsika a sajeni, mayi wamtali uja, ndi a konsitebulo amene akulembawa. A Ndinasiya anali pambuyo pawo. Anthu a kotsukira magalimoto anasiya mipopi ikutayika n'kubwera kudzaonerera. A sajeni anapereka moni mwaulemu. Anati alandira dandaulo loti m'nyumba mwathu mukutchezedwa mowa popanda chilolezo, kuti anthu amalowa ndi zikwama n'kutuluka ndi zikwama, ndiponso kuti mumamveka kukuwa kwa oledzera.

Namagetsi anati, "Iyi ndi kompyuta, bwana." A Ndinasiya anati, "Kompyuta yopanda sikirini? Kompyuta yamadzi? Magetsi ndi madzi anagwirizana liti? Ine ntchito imeneyi ndinaigwira. Mkuwa uwo, paipi iyo, apo ndi podonthera. Angoibisa m'bokosi." A sajeni ananunkhiza botolo la sipiriti n'kukwinya nkhope.

Pamenepo akazi anga anatuluka kuchipinda akukoka mwendo, akugwira khoma. A Ndinasiya anawaloza pamaso pa anthu onse n'kunena kuti, "Umboni ndi uwo. M'mawa uno alawa kale, akulephera ndi kuyenda komwe." Akazi anga anafuna kuyankha, koma akafulumira lilime limakana. Mawu anatuluka osamveka. Ena panja anaseka. Ine ndinali nditagwira nyundo yanga ya nsapato. Ndinaiika pansi, n'kupita kukawagwira mkono.

A konsitebulo anatambasula dzanja n'kugwira paipi imodzi kuti aizule anunkhize. Lembani, bwana, musaime, ndi mmene zinalili. Namagetsi anawagwira mkono n'kukuwa kuti, "Musazule! Madzi akalowa pa bolodi ya magetsi m'katimo, kompyuta yonse yafa!" Sanawamenye. Sanawatukwane. Anangowagwira mkono, koma anagwiradi, popeza ndi mwana wa mayi ake. A sajeni anati kumeneko ndi kutsekereza apolisi pantchito, ndipo anamuveka unyolo. Ali mu unyolomo anapempha zinthu ziwiri, kuti azimitse pampu yekha ndiponso kuti katunduyo anyamulidwe choimika. Anamulola kuzimitsa. Ponyamula, bokosilo linakana kukhazikika choimika, ndiye linagonekedwa chammbali pampando wakumbuyo. Namagetsi anatseka maso. Anamudutsitsa pakati pa anthu n'kumukweza.

Dzuwa lisanalowe, eni makompyuta amene anali pa shelefu anayamba kubwera. Woyamba anali wometa wa pakona, amene ndinamusokera nsapato za ukwati wake. Anati, "Madala, musandione molakwa, koma katundu wanga sangagone m'nyumba imene apolisi akuidziwa." Kenako mayi wogulitsa mankhwala, kenako ena. Palibe amene anakhala pansi. Pofika madzulo shelefu inali mbee. Ntchito ya mwana wanga imayenda ndi kukhulupirirana, bwana. Munthu amasiya m'manja mwake chinthu chimene muli zithunzi za ana ake ndi zinsinsi za bizinesi yake. Shelefu imeneyo anaidzaza pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo inatha masana amodzi.

Lero Lachisanu m'mawa akazi anga anadzuka ine ndisanadzuke. Anavala jekete lawo lakale la kampani ya mabasi. Anati, "Bambo ake, masulani chiwongolero." Tinatenga chiwongolero, mapedulo, sikirini ndi zingwe zonse, n'kukwera takisi mpaka pano. A sajeni atationa pakhomo anati, "Agogo, mwasamuka?" Akazi anga analankhula pang'onopang'ono kuti mawu amveke. Anati, "Ndabwera kudzayendetsa mowa wanga."

A sajeni anaitanitsa a Ndinasiya, anatulutsa Namagetsi m'chitokosi, n'kuika kompyuta patebulo la mu ofesi muno, lomweli tikulemberapoli. Wapolisi wina wonenepa anati njira yachidule n'kulawa. Namagetsi anati wolawa akagona kuchipatala, chifukwa cha mankhwala a ndere aja. A Ndinasiya anati, "Mwamva? Ndi womwe unapha mng'ono wanga." Kenako iwo eni anapereka njira imene otcheza amayesera. Anati tithire pang'ono pansi tiyatse ndi machesi, mowa wamphamvu umayaka moto wabuluu. A sajeni anavomera. Namagetsi anatsegula kathanki, anatunga ndi jekeseni yopanda singano, n'kuthira m'mbale ya kapu ya tiyi. Machesi anakhwatcha a Ndinasiya okha. Moto utakhudza madziwo unangoti tsii, n'kuzima. Anayatsa ena. Anazimanso. Anaviika chala, n'kununkhiza.

A sajeni anati, "Kuti si mowa taona. Tsopano tione ngati ndi kompyuta." Namagetsi anayang'ana timapepala tija, tonse touma ngakhale katunduyo anayenda chogona. Anapendeketsa bokosilo uku ndi uku kuti mpweya umene unalowa m'mapaipi ukwere, analumikiza zingwe, n'kudina batani. Mafani anazungulira. Madzi anayamba kuyenda. Koma sikirini inali bii.

Wapolisi wonenepa uja anatsokomola. Namagetsi anati memole yatsopano poyamba imafuna kudziwana kaye ndi makina, tidikire, munthu asagwire kanthu. Anapinda manja n'kuima chilili. Chipinda chonse zii. Ine chete wotere sindimutha, ndiye ndinayamba kukamba za chaka chimene mabuleki a basi anaduka pamtsetse wa phiri, m'basimo muli anthu odzaza mpaka pakhomo, ana ali pamiyendo, kumanja kuli chigwa. Ndinafotokoza mmene woyendetsa anatsitsira magiya limodzilimodzi, injini ikulira ngati ikufuna kutuluka, n'kukhuza matayala kukhoma la phiri mpaka basi inaima pamlatho, ndipo wovulala panalibe kupatula nkhuku imodzi imene inakomoka m'dengu. A Ndinasiya anafunsa kuti woyendetsayo anali ndani. Ndinaloza akazi anga. Ndinawauzanso za sitiroko, za mwendo ndi lilime. A Ndinasiya anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri. Ndisanafike pa nkhani ya mendulo imene kampani inawapatsa, sikirini inawala.

Tinamangirira chiwongolero patebulo la a sajeni. Akazi anga anakhala pampando, anavula nsapato yakumanja, n'kuponda pedulo kuti aimve. Popeza muno mulibe intaneti yathu, anapikisana ndi magalimoto a m'kompyuta momwemo, ndipo anasankha kuyambira kumbuyo kwenikweni. Pakona yoyamba galimoto sinaganize za kwawo. Inangolowa n'kutuluka ngati mpeni. Anadutsa awiri nthawi imodzi. Apolisi a ku kauntala anasiya kauntala. Munthu wina amene anabwera kudzadandaula za njinga yobedwa anaiwala njinga yake. Akazi anga anayamba kukuwa monga mwa nthawi zonse, "Choka iwe!" ndipo a sajeni anayang'ana a Ndinasiya n'kufunsa kuti, "Oledzera anu aja ndi amenewa?" A Ndinasiya anagwedeza mutu kuvomera.

Namagetsi maso ake sanali pa mpikisano. Anali pa nambala yaing'ono ya pakona ya sikirini, yosonyeza kutentha. Anaitana a sajeni kuti aike dzanja kuseri kwa rediyeta. A sajeni anati kukutuluka kamphepo kofunda basi. Ine ndinatchera khutu kufuna kulira kwa ndege kuja, koma chimene chinkamveka ndi kupuma kwa wapolisi wonenepa. Akazi anga anawoloka mzere womaliza ali oyamba, kompyuta ili chiyakire. Anamenya chiwongolero ndi chikhatho, n'kunena kuti, "Mwana wanga ameneyo." A konsitebulo anapempha kuyesako, ndipo anakagunda khoma pakona yoyamba. Akuti zimenezi ndi zosafunika mu umboni, koma anandiuza kuti ndinene zimene ndinaona.

A sajeni anati mlandu wa mowa palibe, ndipo wa kugwira mkono a konsitebulo authetsa okha. Anauza Namagetsi kuti ndi mfulu, atenge katundu wake azipita. Iye sanasunthe. Anati, "Bwana, munanditenga masana anthu akuona. Ndikabwerera pa takisi, anena kuti bambo anga alipira. Ndikupempha mundibweze pa galimoto yomwe ija, pamsewu womwe uja, nthawi ino anthu ali panja." A sajeni anatenga makiyi. Anafunsanso akazi anga ngati akufuna kudandaula pa mawu amene ananenedwa pamaso pa anthu. Akazi anga anati, "Mlandu sindikuufuna. Pakamwa pamene panathira matope, pomwepo pakapukute."

Tinakwera tonse. Namagetsi anakhala kutsogolo, manja ali omasuka. Kompyuta anaifungatira a Ndinasiya pamiyendo, choimika, mutu ataupinda kuti bokosi likwane, ndipo pa bampu iliyonse ankapempha a sajeni kuti achepetse liwiro. Titafika, a kotsukira magalimoto anasiyanso mipopi. A sajeni anatsika, n'kugwira Namagetsi chanza pakati pa msewu, n'kulankhula mokweza kuti apolisi apeza kuti m'nyumba muno mulibe mowa, muli mmisiri. A Ndinasiya analowetsa katundu m'nyumba n'kumukhazika patebulo. Atatuluka anayamba khomo ndi khomo, chipewa chili m'manja, kuyambira kwa wometa, kunena kuti wolakwa ndi iwo, ndiponso kuti mayi amene anawanena aja ndi odwala ndipo anapulumutsapo basi yodzaza. Pa nkhani ya basiyo analakwitsa dzina la phiri, ndinawakonza.

A sajeni anati ndibwerere nawo kuno ndidzapereke umboniwu kuti fayilo itsekedwe. Pamene ndimakwera galimoto, mayi wogulitsa mankhwala anali atafika kale pakhomo ndi kompyuta yake m'chikwama, kumbuyo kwake kuli ena awiri. Wometa anabwera akuthamanga, yake ili pamutu, n'kudutsa onsewo mpaka pazenera. Anati, "Achemwali, ine ndine wakale, mundiyambire. Mundiikirenso madzi ngati a agogowa." Namagetsi sanadzutse mutu pa zimene amamasula. Anati, "Pamzere, achimwene. Munali woyamba kutenga, mukhala womaliza kusiya." Wometa anakaima kumbuyo.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. A konsitebulo andiwerengera zonse, ndamva, ndipo ndi mawu anga.

Chidindo cha chala chachikulu chakumanja cha mboni: ____________

Wolemba umboni, konsitebulo: ____________